Pikapu yogona pa miyala: thanani kaye ndi dzimbiri musanagule penti

Bambo wina wogulitsa tomato ndi kabichi mumsika wa Bangwe wanditumizira funso lomwe ndikukhulupirira kuti ena mwa inu muli nalo. Kuseri kwa nyumba ya makolo ake kuli Nissan 1400 yomwe malemu bambo ake anasiya. Yakhala pa miyala zaka zingapo, mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira pampando. Makaniko wina anaiyesa ndipo akuti injini ikulira bwinobwino, koma bodi ndiyo yadyeka. Bamboyu amalipira hayala kawiri pa sabata kuti katundu wake achoke ku Bvumbwe, ndipo ndalama imeneyi ikumuwawa. Ali ndi mng'ono wake yemwe amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo ku Machinjiri. Tsono akufunsa kuti: aigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, kapena mng'ono wakeyo angathe kuikonza ngakhale sanagwirepo bodi ya galimoto?

Yankho langa ndi lakuti angathe, malinga ngati dzimbiri silinafike pa zitsulo zomwe zimanyamula galimotoyo. Funsoli likumveka kwambiri masiku ano chifukwa cha momwe kwacha yayendera. Inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kuchokera pamenepo pikapu yoitanitsa kunja inathawa m'manja mwa wageni wamba. Ku Ulaya ndi ku America kudzutsa galimoto yakale ndi zosangalatsa za anthu a ndalama, omwe amaipukuta Loweruka n'kupita nayo kuchionetsero. Kuno kwathu ndi nkhani ya mpamba. Galimoto yogona kuseri kwa nyumba nthawi zina ndiye katundu wamkulu yemwe banja latsala naye.

Mwayi wa bamboyu ndi mtundu wa galimotoyo. Kapikapu aka kanayamba kupangidwa ku South Africa mu 1971 kali ndi dzina la Datsun 1200, ndipo fakitale ya ku Rosslyn, pafupi ndi Pretoria, inapitiriza kukatulutsa mpaka 2008. Zaka zonsezo maonekedwe ake sanasinthe kwenikweni, choncho chitseko kapena madigadi ya ina imatha kulowa pa inzake, ndipo oyenda ku Joni amazipeza. Magalimoto a m'badwo umenewo, kuphatikizapo Peugeot 504 ndi Toyota Hilux zomwe zonse zinayamba kutuluka mu 1968, anapangidwa ndi lata lofewa lomwe limamvera nyundo. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi malo a chitsulo cholimba mwapadera chomwe sichifuna kutenthedwa chisawawa. Wongoyamba kumene ali bwino kuphunzirira pa yakale.

Koma musanagwire nyundo, gwirani mapepala. Pezani blue book, muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini zolembedwamo ndi zomwe zadindidwa pa galimoto. Ngati pomwe pali nambala ya chasisi padyeka, musadulepo ndiponso musawotchererepo kanthu musanafunse ku Road Traffic, chifukwa nambala yooneka ngati yagwidwagwidwa imakuikani pa mlandu womwe simunapalamule. Mtundu wa penti nawo umalembedwa m'mapepala, ndiye ngati yoyera mukufuna ikhale yobiriwira, funsaninso komweko. Ndipo poti iyi ndi galimoto ya malemu, ndi chuma cha masiye, chomwe chili ndi lamulo lake la 2011. Khalani pansi ndi abale onse, mugwirizane polemba kuti ndi ya ndani. Pamene ili pa miyala palibe amene amaifuna, koma tsiku lomwe idzatuluke pageti ikunyezimira, alongo ndi amalume onse adzakumbukira kuti nawonso ndi ana a pakhomo.

Mapepala akakhala bwino, ntchito yoyamba ndi yotchipa kuposa zonse: madzi, sopo, tochi ndi sikuludiraiva. Chotsani mipando, makapeti ndi chilichonse choyalidwa pansi. Tsukani matope onse a m'kati mwa madigadi ndi kunsi. Kenako lowani kunsi, muzibaya ndi sikuludiraiva mosanyengerera. Chitsulo chabwino chimalira ngwee ndipo sichilola. Chodyeka chimalira ngati mukugogoda chikuni chofumbwa, chimayoyoka, mwinanso sikuludiraiva n'kutulukira uko. Ena amaopa kubaya kuti angaboole galimoto yawo. Pomwe pabooka ndi dzanja panali patabooka kale, kunali kungodikira thumba la mbatata.

Malo oyamba kubaya ndi omwe masipuling'i amamangidwa, omwe injini ndi giyabokosi zimakhalira, omwe chiwongolero chimagwira, ndi zitsulo zazitali zoyenda kunsi kwa zitseko. Apa pali kusiyana komwe ambiri sadziwa. Hilux, Toyota Stout ndi Land Rover zili ndi chasisi yapayokha ngati makwerero, ndipo bodi imangokhala pamwamba. Bodi ikhoza kukhala yobookabooka koma galimoto n'kumanyamulabe. Pa Nissan 1400, kutsogolo kokhala anthu ndi kumbuyo konyamula katundu ndi chinthu chimodzi, ndipo mphamvu yambiri ili m'bodi momwemo. Bowo lomwe pa Hilux lingakhale longonyansa m'maso, pa kapikapu aka likhoza kukhala pomwe kadzathyokere kakutsika phiri ndi madengu makumi awiri. Ngati malo amenewa ndi oola mbali zonse ziwiri, musayambe. Gulitsani injini, giyabokosi, magalasi ndi zitseko pachokhapachokha, mudzapeza zambiri kuposa kuigulitsa pa sikelo.

Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya. N'chifukwa chake penti amatupa timatuza. Mukaona katuza kakang'ono ngati njere ya chimanga, dziwani kuti kunsi kwake kwadyeka malo okulirapo, ndipo kawirikawiri layambira m'kati n'kumatulukira kunja. Blantyre ndi mzinda wokoma kwa dzimbiri. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, m'nyengo yozizira chiperoni chimanyowetsa zinthu masiku angapo osauma, ndipo misewu ya m'makwalala a Ndirande ndi Chilomoni imapaka matope kunsi kwa galimoto omwe amasunga chinyezi mpaka chilimwe. Galimoto zomwe zinamira m'matope a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zina zinatsukidwa kunja kokha n'kugulitsidwa, matope ali m'kati mwa zitseko mpaka lero.

Palinso dzimbiri lomwe timadzibweretsera tokha ndi malonda athu. Feteleza wotayikira m'pikapu amadya chitsulo msanga kwambiri, chimodzimodzi mchere, madzi a nsomba ndi madzi a tomato wophwanyika. Asidi wa batire amadya pomwe batire imakhala. Kunsi kwa chitseko chilichonse kuli timabowo totulutsira madzi a mvula omwe amalowera pa galasi. Tikatsekeka ndi fumbi, chitseko chimasanduka chidebe. Labala wa galasi la kutsogolo akauma n'kung'ambika, madzi amatsikira kumapazi a dalaivala, kapeti n'kumawasunga. Mukapeza bowo pansi pa mapazi, fufuzani komwe madzi akuchokera, apo ayi chigamba chanu chidzadyeka momwemonso.

Tengani maginito, ngakhale a m'sipika yakutha, muwakulunge ndi kansalu kuti asakande, muziyenda nawo bodi yonse. Pomwe akukakamira mwamphamvu pali chitsulo. Pomwe akugwa kapena kugwira mwaulesi pali fila, phala lija lomwe ena amati putty. Amalume anga anagula minibasi yooneka bwino zedi kwa munthu wina yemwe anali atangoitulutsa ku galaja. Mvula itagwa kawiri, pamwamba pa tayala la kumbuyo panang'aluka, ndipo titakanganula tinapeza nyuzipepala yopindidwa ndi kasefa ka waya, zomatidwa ndi fila wokhuthala ngati chala changa chachikulu. Ntchito yanga inandipangitsa kuyamba ndawerenga deti la nyuzipepalayo. Inali ya mwezi womwewo womwe anagula galimotoyo. Ndikumbutse kuti pa Land Rover zakale maginito sagwira pafupifupi paliponse, chifukwa bodi yake ndi ya aluminiyamu. Kumeneko kobaya ndi chasisi ndi chipupa cha pakati pa injini ndi dalaivala, zomwe ndi zachitsulo.

Dzimbiri la pamwamba chabe, lofiirira koma chitsulo chili cholimba, limachoka ndi sandipepa kapena bulashi ya waya pa grinder. Lomwe lasiya timaenje limafuna kupalidwa mpaka chitsulo chiwale, kenako kupakidwa mankhwala a phosphoric acid omwe amadetsa dzimbiri lotsalira m'timaenjemo n'kuliletsa kupitirira. Koma pomwe pabooka kapena papyapyala, mankhwala ake ndi amodzi: kudula n'kuikapo chitsulo china. Fila sagwira ntchito ya chitsulo. Amamwa chinyezi kuchokera kuseri, amatupa, n'kugwa ndi penti wanu yemwe.

Tsopano kwa mng'ono wa bamboyu. Achimwene, luso la mageti likuthandizani, komanso likhoza kukupusitsani. Chitsulo cha geti ndi chokhuthala ndipo chimapirira moto. Lata la bodi ya galimoto limakhala la pakati pa mamilimita 0.7 ndi 1. Makina anu a magetsi ndi ndodo ya 2.5 adzaboola latalo musanaphethire, ndipo pofuna kutseka bowolo mudzaboola lina. Makinawo asungireni zitsulo zokhuthala za kunsi ndi zotchingira katundu kumbuyo. Musayambire pa galimoto ya malemu. Pitani kwa ophwasula magalimoto ku Ndirande, mugule chitseko kapena boneti yophwanyika yomwe palibe akuifuna, muiphunzirire kwa masabata awiri kapena atatu. Ndalama ya chitseko chimenecho ndiyo fizi yanu.

Zida zoyambira si zambiri. Nyundo yopepuka ya nkhope yosalala, kachitsulo kolemera kogwirira kuseri komwe amisiri amati dolly, sizasi yodulira malata, tupa, grinder, zopanira ziwiri kapena zitatu, ndi thabwa lowongoka lokulungira sandipepa. Ngati dolly ya m'sitolo yakwera mtengo, amisiri ambiri amasula yawo kuchokera ku chidutswa cha sipuling'i ya lole kapena mutu wa nyundo yaikulu, n'kuisalaza bwino. Chofunika n'chakuti nkhope ya nyundo ndi ya dolly zikhale zosalala ngati galasi, chifukwa chipsera chilichonse chomwe chili pamenepo chimadindika pa lata nthawi iliyonse mukamenya.

Kuwongola pophwanyika ndi pomwe ongoyamba amalakwitsa kwambiri. Mtima umafuna kulowa kuseri n'kumenya pakati penipeni pa dzenjelo ndi mphamvu. Mukatero lata limatambasuka, pakati pamatuluka chotupa, m'mbali muli mokwinyika momwemo. Taganizani momwe ngoziyo inachitikira. Chinthu chinagunda pamalo amodzi, kenako kupindika kunafalikira kunja ngati mafunde a mwala m'thamanda. Inu mubwerere njira yomweyo chobwerera m'mbuyo: yambani kum'mphepete komwe kunapindika komalizira, muzizungulira mukuyandikira pakati. M'mphepete mwa dzenje mumakhala kamzere kotukuka, ndipo kameneko ndiko kagwira dzenjelo. Ikani dolly kuseri kwa malo olowa, muikankhire kunja, uku mukugogoda pang'onopang'ono pa kamzere kotukukako. Mudzaona dzenje likukwera lokha.

Kugogoda kwake ndi kwa dzanja la m'chigwinjiri, kambirimbiri koma mopepuka, osati kwa phewa ngati mukuswa miyala ku Njuli. Mverani kulira kwake. Nyundo ikamenya pomwe dolly ili kuseri kwenikweni, imalira mokweza, ndipo pamenepo lata likufinyidwa n'kupyapyala. Kangapo n'kofunika posalaza, koma mukachulutsa malowo amatambasuka. Maso amanama pa ntchito iyi. Yendetsani chikhatho chonse, osati nsonga za zala, kapena detsani malowo ndi penti wopopera pang'ono n'kudutsapo ndi thabwa la sandipepa: pokwera pamawala, potsika pamatsala pakuda. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo dzenje lomwe katswiri amaliwongola pa ola limodzi inu likutengerani tsiku.

Mukapeza kuti malo ena akuchita phofophofo, mukakankha akulowa, mukasiya akutuluka, ndiye kuti lata latambasuka. Amisiri amalibweza ndi moto. Amatenthetsa kadontho kakang'ono ngati ndalama yachitsulo ya K10 mpaka kafiire, amagogoda mozungulira kadonthoko dolly ili kuseri, kenako amaziziritsa ndi nsanza yonyowa. Chitsulo chikamazizira chimakokana. Izi muyambe mwaonera kwa wodziwa, chifukwa moto ukachuluka chitseko chonse chimapotoka.

Chigamba chimayamba ndi katoni. Jambulani mzere kuzungulira pomwe padyeka, mutuluke mpaka pa chitsulo chowala ndi cholimba, ngakhale bowo likule kuposa momwe mumaganizira. Dulani mowongoka, makona ake mozungulira pang'ono. Ikani katoni kuseri, jambulani, dulani, yesani mpaka ikwane, kenako musamutsire pa chitsulo. Chitsulo chabwino cha chigamba ndi cha galimoto inzake: denga kapena boneti yakutha, chifukwa kukhuthala kwake n'kofanana. Malata ofolera nyumba asiyeni. Ndi opyapyala, ndipo nthovu yoyera yomwe anakutidwa nayo, zinc, imatulutsa utsi woipa ikapsa. Pindani chigambacho chifanane ndi malo ake musanayatse moto, pogwiritsa ntchito paipi, chipika kapena m'mphepete mwa tebulo. Chigamba chomwe mukuchikakamiza ndi chopanira kuti chikhale, chidzakoka bodi yonse mukachiwotcherera.

Pali njira ziwiri zochiikira. Yosavuta ndi yosanjikiza, chigamba kukwera pamwamba pa lata lakale. Imalimba, koma pakati pa malata awiriwo pamakhala kampata komwe madzi amabisala, ndiye pafunika kumata bwino mbali zonse. Pansi pa mapazi kapena m'pikapu kumbuyo njira imeneyi ndi yokwanira. Pa chitseko ndi madigadi, pomwe diso limaona, chigamba chilowe m'bowo ndendende, milomo kukumana, mpata wake usapose kukhuthala kwa latalo.

M'magalaja ambiri a m'matauni mwathu bodi amawotcherera ndi gasi, oxygen ndi acetylene, ndipo ubwino wake ndi wakuti magetsi a ESCOM akazima ntchito siima. Kuipa kwake ndi kutentha komwe kumafalikira patali n'kupotoza lata. Makina a MIG, a waya wa 0.6 kapena 0.8, ndiwo osavuta kwa wophunzira pa lata lopyapyala, kungoti ndi odula ndipo amafuna botolo la gasi lawolawo. Mulimonsemo lamulo ndi limodzi: musayende mzere wautali ngati pa geti. Ikani kadontho pakona iliyonse, kenako timadontho totalikirana ndi zala zitatu, mukudumphadumpha uku ndi uku. Dikirani mpaka mutha kuikapo dzanja. Bwererani muike timadontho tina pakati pa toyamba tija, mpaka mzere utseke. Mukatha, salazani ndi grinder mopepuka, chifukwa nayo imatenthetsa ndiponso imadya lata la m'mbali. Usiku walitsani tochi kuseri. Pomwe kuwala kukutulukira, madzinso adzalowera pomwepo.

Pa nkhani ya ngozi sindichita nthabwala. Chotsani batire musanawotcherere. Chotsani thanki ya mafuta muiike kutali, ndipo musakhulupirire kuti poti ndi yopanda petulo ndiye kuti ndi yabwino. Thanki yopanda kanthu ndiyo imaphulika, chifukwa yadzaza mpweya wa petulo, ngakhale itakhala zaka. Yang'anani kuseri kwa pomwe mukuwotcherera: mawaya, mapaipi a mafuta ndi a mabuleki, siponji, phula lomatira kunsi. Pakhale munthu wachiwiri ndi ndowa ya madzi ndi ya mchenga, ndipo musachoke pamalopo ntchito ikangotha, poti siponji imanyeka mwakachetechete. Pa zomangira za botolo la oxygen pasafike girisi kapena oilo. Zigubu zopangira gasi ndi carbide zomwe ena amasula okha n'zotchipa, koma moto ukabwerera m'paipi chigubucho chimasanduka bomba. Ndipo musalowe kunsi kwa galimoto yomwe yakhala pa jeke yekha kapena pa njerwa zowotcha. Ikani zipika zolimba.

Maso ndi mapapo ndiwo mpamba wa mmisiri. Kuwala kwa makina a magetsi kumawotcha maso, ndipo ululu wake umabwera usiku, ngati wina wathiramo mchenga. Magalasi a dzuwa a mumsika sateteza. Utsi wa zinc umabweretsa kutentha thupi ndi kunjenjemera kofanana ndi malungo patapita maola angapo. Pali chikhulupiriro m'magalaja chakuti ukamwa mkaka ukatha kuwotcherera kapena kupopera penti ndiye kuti watsuka m'chifuwa. Mkaka umapita m'mimba, utsi umapita m'mapapo, sizikumana. Penti wa 2K, wosakaniza ndi hardener, ali ndi mankhwala otchedwa isocyanate omwe amayambitsa mphumu, ndipo kansalu kapakamwa sikawatchinga.

Chitsulo chikakhala bwino, fila ali ndi malo ake. Ntchito yake ndi kusalaza timaenje totsalira, ndipo asakhuthale kuposa mamilimita 3. Amapakidwa pa chitsulo chouma, chopanda dzimbiri ndi mafuta, chokandidwa ndi sandipepa wa nambala 80 kuti agwire. Hardener amafunika pang'ono, pafupifupi magawo 2 pa 100 aliwonse: fila wochuluka ngati dzira la nkhuku, hardener ngati nyemba. Mukachulutsa kuti aume msanga, amadzatulutsa mawanga pa penti. Mukachepetsa, sauma m'kati. Sakanizani pa kachitsulo kapena pulasitiki yosalala, mopinda osati motakasa ngati phala, kuti musatsekeremo mpweya. Muli ndi mphindi zinayi kapena zisanu zokha asanayambe kulimba, ndipo m'dzuwa la Okutobala ndi zochepera pamenepo, choncho sakanizani pang'onopang'ono. Fila wambiri wa ongoyamba amaumira pa bolodi, ndipo imeneyo ndi ndalama. Palani ndi thabwa, osati ndi zala, kuyambira 80, kenako 180, kumalizira 320. Musapale fila ndi madzi.

Primer apite pa chitsulo tsiku lomwelo lomwe mwachipala, chifukwa m'nyengo ya mvula chitsulo chowala chimafiira usiku umodzi. Komanso dziwani kuti primer wamba amalowa madzi. Galimoto zotuwa zija zomwe mumaziona zikuyenda miyezi isanu ndi umodzi zikudikira ndalama ya penti, zikudyeka kunsi kwa primer yemweyo. Red oxide wa mageti ndi wabwino kunsi kwa galimoto ndi m'kati mwa madigadi, koma pansi pa penti wa galimoto amatha kukwinyika thinners akamufika. Kuseri kwa chigamba chilichonse kupakidwenso, chifukwa ndi komwe moto unapsereza penti wakale. Ena amathira oilo wakutha m'kati mwa zitseko ndi m'chasisi. Zimathandizadi kuchedwetsa dzimbiri, koma zichitike kuwotcherera ndi kupenta konse kutatha. Kupopera penti womaliza, langizo langa ndi lakuti mulipire wodziwa yemwe ali ndi kompuresa. Penti ndiye chodula kwambiri pa zonse, ndipo si pophunzirira.

Kwa inu amene mulibe mng'ono wowotcherera ndipo mupereka ntchito yonse ku galaja, mgwirizano wanu ukhale wa magawo. Gawo loyamba ndi kudula ndi kuwotcherera, ndipo munene poyambirira kuti mukufuna kuona chitsulo ndi maso anu fila asanapakidwe. Jambulani ndi foni. Mmisiri wabwino sakwiya ndi zimenezi, amakondwa kuonetsa ntchito yake. Gawo lachiwiri ndi fila ndi primer, lachitatu penti. Lipirani gawo likatha. Fila, sandipepa, thinners ndi penti mugule nokha, mutafunsa m'masitolo atatu ku Limbe kapena m'tauni tsiku limodzi, poti zambiri ndi zochokera kunja ndipo mitengo yake imayenda ndi dola. Mukamva mmisiri akuitanitsa zitini zinayi za fila pa kapikapu kamodzi, mufunseni kuti nyundo yake ikugwira ntchito yanji. Lembani zonse zomwe zili pa galimoto polowa, batire, sitata, alitaneta, magalasi, tayala lapadera, nonse musayine. Ndipo musailowetse ku galaja ndalama ya gawo loyamba ndi lachiwiri isanakwane. Galimoto yokhalitsa pa galaja imayamba kubwereketsa ziwalo zake kwa zinzake, ndipo sizibwerera.

Funso lomaliza ndi la masamu, ndipo aliyense awerengere zake. Tingoyerekeza kuti hayala imakudyerani K60,000 pa sabata. Pa chaka ndi K3,120,000. Galimoto yanu ikamayenda idzafuna mafuta, matayala, inshulansi, COF ndi makaniko, tinene kuti zimenezi zidya theka. Mwapulumutsa pafupifupi K1,560,000 pa chaka. Ngati kudzutsa galimotoyo kukufuna K3 miliyoni, ndiye kuti zaka ziwiri zoyamba mukungobweza ndalama yanu, pokhapokha ngati muzinyamuliranso anzanu a mumsika n'kumalandira hayala. Manambalawa ndi ongoyerekeza, ikanimo anu, ndipo pa mtengo wokonzera muwonjezere gawo limodzi mwa magawo atatu, chifukwa dzimbiri lomwe mwaliona poyamba si lonse. Muwerengerenso masiku omwe mudzagone pa mzere wa mafuta tomato akudikira ku Bvumbwe. Ndalama ya ntchito yotere isachokere ku katapila, ndipo isadye mpamba wopikulira katundu. Ya banki m'khonde yogawana kumapeto kwa chaka ndiyo yoyenera, chifukwa ntchitoyi imalola kuchitidwa pang'onopang'ono: mwezi uno pansi pa mapazi, mwezi wamawa zitseko, bola galimoto ili pansi pa denga kapena lona.

Kwa mng'ono uja pali phindu lina lomwe silili m'masamuwa. Minibasi za ku Bangwe, Chilomoni ndi Machinjiri zimakhulana tsiku ndi tsiku m'madepoti, ndipo eni ake amafuna wowongola wachangu. Munthu wodziwa mageti komanso bodi ali ndi misika iwiri. Akaona kuti dzanja likumvera, apemphe kukhala miyezi ingapo pansi pa mmisiri wamkulu, komanso akafunse ku TEVETA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, za momwe angapezere pepala la luso lakelo.

Bambo a ku Bangwe, Loweruka likudzali musagule kanthu. Samutsani nkhuku, tulutsani mpando ndi kapeti, mubwereke tochi. Mukabaya pomwe masipuling'i a kumbuyo amangidwa ndi kunsi kwa zitseko zonse ziwiri, munditumizire zithunzi pa nambala ya tsamba lino, ndikazionetse kwa amisiri a ku Ndirande.